Madzi m'Botolo la Jivi

Tecla ankadziwa kale pamene muvi wa makinawo ukaime, Laston asanatseke n'komwe chivundikiro. N'chifukwa chake wotchi yomwe anamupatsa kuti agwire inkaterera m'manja mwake ndi thukuta.

Linali Lolemba masana, mu Okutobala wa chaka cha 1976, ndipo labotale ya pakolejipo inkatentha ngati uvuni wa buledi. Ophunzira ena onse anali atapita kukadya. Munatsala anthu awiri okha: Laston wa ku komboni ya Highfield, amene chaka chimenecho ankamaliza maphunziro ake a sayansi ya mankhwala, ndi Tecla wa ku komboni ya Mufakose, amene ntchito yake inali kutsuka mabotolo ndi kusunga kiyi wa kabati. Kwa miyezi isanu ndi iwiri awiriwa ankasiyirana timakalata m'kabokosi ka timabotolo toyezera, pansi pa thonje, ndipo panalibe wa pakoleji amene ankadziwa. Loweruka la sabata yomweyo amalume a Laston ankayenera kukagogoda pakhomo pa amayi a Tecla.

"Wotchi yokhayo ukuigwira ngati nkhanira," anatero Laston akuseka. "Nanga Loweruka amalume akadzakufunsa kuti mnyamatayu ukumudziwa, sudzakomoka?"

"Yang'anani ntchito yanu, a Laston."

"Ndikuyang'ana. Yavala diresi la madontho lero."

Masiku ena Tecla akanaseka n'kumuopseza ndi bulashi yotsukira mabotolo. Tsikuli anangoyang'ana wotchi.

Ntchito ya Laston inkaoneka ngati masewera. Ankatunga madontho owerengeka a utoto wa pepo m'botolo lalikulu, utoto womwewo umene kuchipatala amautcha jivi n'kumapaka pazilonda, n'kuwasungunula m'madzi ambiri. Kenako ankathiramo soda wowotcha uja wopangira sopo, n'kuika kabotolo kagalasi m'makina. M'makinamo munali kababu kowalitsa kudutsa m'kabotoloko, ndipo muvi unkasonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene utoto wameza. Soda akamadya utotowo madzi ankayera pang'onopang'ono, muvi n'kumatsika. Tecla ankatchula theka lililonse la mphindi, Laston n'kumalemba.

"Chomwe tikufuna n'chimodzi," anatero Laston, ngakhale kuti anali atamufotokozera kambirimbiri, chifukwa ankakonda mmene Tecla ankapendekera mutu akamamvetsera. "Tione nthawi imene muvi ukutenga kuti utsike kufika theka. Ikamafanana ulendo uliwonse, mphindi ziwiri kufika theka, mphindi ziwirinso kufika theka la thekalo, ndiye kuti kayendedwe kake n'ka gulu loyamba. Ikamatalikiratalikira, n'ka gulu lachiwiri. Sabata yatha tinayambira pa 0.80. Tiye, dina."

Muvi unakwera, unanjenjemera, n'kuima pa 0.40.

Laston anagogoda galasi la makinawo ndi chala. Anataya madziwo, anapukuta kabotolo mbali zonse ndi kansalu kofewa, n'kusakaniza zatsopano. Anabwereza kachitatu. Ulendo uliwonse muvi unkayambira pa 0.40.

"Zosatheka izi. Botolo ndi lomwelo. Ufa ndinayeza ndekha pasikelo."

Lachisanu lapitalo, anthu ataweruka, Tecla anali atatsegula kabati, n'kukhuthulira theka la jiviyo m'botolo la mafuta ophikira, kenako n'kudzaza botolo lalikulu ndi madzi mpaka pa mzere wake. Analikweza kuwindo n'kuliyang'anitsitsa. Linali lakuda bii monga kale, moti diso la munthu silikanasiyanitsa. Panthawiyo sanaganizire za kababu ka m'makina, kamene ntchito yake inali kuona zimene diso silingaone.

Chitseko chinatseguka ndipo analowa a Dokotala Hector, mzungu wamtali wa nsidze zoyera amene ankayang'anira ntchito ya Laston. Anaona muvi, n'kutsegula buku la Laston pa tsamba la sabata yatha.

"Botolo limodzi silingapereke mayankho awiri," anatero m'Chingerezi chawo cha m'mphuno. "Mwina manambala a sabata yathawa unawakopera m'buku la wophunzira wa chaka chatha, chifukwa ndi okongola mopitirira. Kapena wina wagwira botololi. Ngati ndi choncho ndiyenera kuuza apolisi, pakuti masiku ano mankhwala a zilonda akasowa timadziwa kumene apita. Ndiuze, ndi ziti?"

Laston anayang'ana botolo, anayang'ana kabati. Tecla sanamuyang'ane.

"Palibe amene wagwira, bwana."

"Ndiye kuti wabera. Lachisanu ukaonekere pamaso pa akuluakulu a koleji."

Wobera pakolejipo sankamupatsa mwayi wachiwiri, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Tecla anali ataimirira pasinki, manja ali m'madzi a sopo. Anangomva bulashi ikuzungulira m'botolo lomwe linali loyera kale.

* * *

Tecla atafika ku Mufakose dzuwa lili pang'ono kulowa, anapeza amayi ake, mayi Amália, akuanula zovala kuseri kwa nyumba. Pakati pa zitenje panali timizere ta nsalu ya bedi yakale, tothimbirira ndi pepo.

"Amayi! Ndinanena kuti nsalu izi muziwotcha."

"Nsalu yabwinobwino ndiwotche? Mawa tidzamanga ndi chiyani, masamba a nthochi? Ndayanika pakati pa zitenje, palibe angaone."

Anthu a nyumba za mumzerewo ankadziwa kuti m'nyumba imeneyi mumakhala akazi awiri okha, chimwalirireni bambo a Tecla, ndiponso kuti mlongo wake wamkulu, Raul, anapita kukagwira ntchito ku Bulawayo. Koma Raul anali m'chipinda chamkati, pamphasa, kuseri kwa kabati ya zovala. Chifukwa choti ankadziwa njira za kwawo kwa makolo ake ku Tete, anali ataperekeza gulu la anthu owoloka malire kupita kunkhondo yomenyera ufulu, ndipo pobwerera chipolopolo chinamuboola katumba. Kuchipatala sakanapita, chifukwa bala la mfuti linkafika kupolisi wodwala asanagone n'komwe pabedi. Kusitolo ya mankhwala nako wogulitsa ankachulutsa mafunso, ndipo pakhomo pake pankakhala bambo wina wa chipewa amene ankawerenga nyuzipepala imodzimodzi tsiku lonse.

"Jivi wako wagwira ntchito, mlongo," anatero Raul akumuonetsa mwendo. "Taona, mafinya aleka. Nanga nkhope yagwa bwanji ngati wagwidwa ukuba nyama mumphika?"

Tecla anakhala pansi n'kufotokoza zonse. Raul anamvetsera akusisita ndevu zomwe zinali zitamera m'masiku obisalawo.

"Mlamu wangayo ndi mwamuna," anatero potsiriza. "Koma undipatse masiku asanu okha, ndiyambe kuponda pansi, ndichoke. Ukatsegula pakamwa pano, ine ndi chingwe chonyongera, iwe ndi amayi ndi ndende."

"Lachisanu ndi masiku anayi, achimwene. Akamuchotsa sukulu chifukwa cha ine?"

Mayi Amália anali ataima pakhomo la chipinda, nsalu zili paphewa.

"Sukulu angakapeze ina," anatero motsitsa mawu. "Ine mwana wamwamuna ndili ndi mmodzi. Ukhale chete, Tecla. Loweruka ankhoswe akabwera tidzawalandirira pabwalo, Raul adzagwire chifuwa chake asatsokomole."

Tecla anatsuka bala la mlongo wake, anapaka jivi ndi nthenga ya nkhuku, n'kumanga. Utoto unalowa m'chikhadabo chake cha chala chachikulu. Anakwecha ndi mwala mpaka khungu linatentha, koma sunachoke.

* * *

Lachiwiri Laston sanabwere ku labotale. Madzulo Tecla ali pamzere wa basi ya ku Mufakose pa Musika, msika waukulu wa mumzindawo, pakati pa madengu a tomato ndi anthu okuwa mitengo ya kabichi, anamva mawu amene sankafuna kuwamva.

"Mhoroi, asisi a mabotolo!"

Anali Febbie, akupereka moni m'chinenero cha kumeneko, atavala yunifolomu yake yoyera ya ophunzira unamwino, kawotchi kakulendewera pachifuwa. Febbie anali mwana wa mkulu wa mpingo ku Highfield, ndipo amayi a Laston anali atamusankha kalekale mumtima mwawo kuti adzakhale mkazi wa mwana wawo. Pa nkhani ya Tecla amayiwo ankangoti sanaphunzitse mwana wawo kuti akakwatire Mmosikeni wa ku Tete wotsuka magalasi.

"Mwaswera bwanji, a Febbie?"

"Ife taswera, kaya inu a chikwati cha Loweruka. Ndachokera kwa apongozi anu osakufunaniwo. Akulira chilirire. Akuti chiyambireni mwana wawo kuyenda ndi anthu ena, mutu wake suli pa mabuku." Febbie anatsitsa maso n'kuyang'ana dzanja la Tecla. "Kodi mwayamba kupaka zikhadabo? Koma mtundu wake mwasankha wa kuwodi ya zilonda."

"Ndi za kuntchito."

"Eya, za kuntchito. Ndiye ntchitoyo mumapita nayo kunyumba? Lamulungu ndinali kwa azakhali anga, paja nyumba yawo yaima msana ndi msana ndi yanu. Chingwe chanu chinavala bwino, asisi. Ndinamvanso munthu akutsokomola, mawu okhuthala bwino. Ndinati, kodi mayi Amália ayamba kusuta chingambwe?"

Basi inafika, anthu anayamba kukankhana. Tecla anadziponya m'gulumo ngati wothawa mvula. Febbie anamukuwira kumbuyo, akuseka:

"Ndawauza a Laston kuti asanatumize amalume awo ayambe afunsa ngati malo alipo m'nyumbamo!"

* * *

Lachitatu m'mawa, pokonza timabotolo toyezera, Tecla anapeza kapepala pansi pa thonje. Sikanayambe ndi "Duwa langa" monga timakalata tina tonse.

"Ndinabwera m'mamawa usanafike, ndabwereza muyeso kasanu. Muvi ukuyambira pa theka, koma nthawi yotsikira sinasinthe: mphindi ziwiri, mphindi ziwiri, monga sabata yatha. Ndiye kuti makina ali bwino, soda ali bwino, dzanja langa lili bwino. M'botolomo mwangolowa madzi. Makiyi a kabati alipo atatu: a Dokotala, anga, ndi ako. Ndidikira kuseri kwa laibulale nthawi ya chakudya."

Anawerenga kawiri, n'kukapinda mpaka kanachepa ngati njere ya chimanga.

Kuseri kwa laibulale mitengo ya jakaranda inali itayoyola maluwa ake pansi ponse. Tecla anaona kuti ngakhale nthaka yavala mtundu wa mlandu wake. Laston anali atakhala pabenchi, tayi atamasula, maso ofiira.

"Ndinadziwa Lolemba lomwelo," anatero asanamupatse moni. "Unatchula theka la mphindi loyamba mochedwa. Miyezi isanu ndi iwiri sunachedwepo."

"A Laston..."

"Za sukuluzo zisiye. Ndifunse chimodzi. Mwamuna ali m'nyumba mwanuyo ndani? Amene ukumubera mankhwala, ine n'kumatchedwa wakuba manambala pamaso pa mzungu, iwe uli chete ukutsuka botolo. Ndani? Ngati unali ndi wina ukanangonena. Sindikanavutitsa amalume kusita jekete."

Tecla anamva ngati wavulidwa pakati pa Musika. Anakumbukira mawu a amayi ake, anakumbukira chingwe chimene Raul anatchula. Koma anaonanso manja a Laston akunjenjemera pa maondo, manja omwewo amene sankataya ngakhale dontho limodzi akamayeza. Anayang'ana uku ndi uku, n'kukhala pansi pa maluwawo, pafupi ndi nsapato zake, kuti mawu asapite patali.

"Ndi achimwene. Ndi a Raul. Sali ku Bulawayo."

Ananena zonse: malire, chipolopolo, fungo la bala pa tsiku lachitatu, bambo wa chipewa pasitolo, botolo la mafuta ophikira. Ponena sanakweze maso ngakhale kamodzi.

Laston anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wamutula katundu wina n'kumusenzetsa wina.

"Ndiye ndakhala masiku awiri osadya chifukwa cha nsanje ndi mlamu wanga?"

"Musaseke. Ine ndikufuna nthaka inditsegukire."

"Ukanandiuza, Tecla. Ufa ulipo wambiri m'kabati. Ndikanayeza wina, ndikanadzaza botolo bwinobwino, muvi sukanadziwa kanthu. Koma iwe madzi! Mkazi wa wasayansi kuthira madzi ngati wogulitsa mkaka!"

"Ndinaopa kukulowetsani m'mavuto."

"Wandilowetsa bwino ndithu." Anamugwira dzanja, n'kuyang'ana chikhadabo chothimbiriracho. "Mvera. Lachisanu ndikavomera kuti ndinakopera. Akakhulupirira zimenezo, botolo aliiwala, apolisi sabwera. Ndikapeza ntchito ya uphunzitsi kwinakwake. Loweruka amalume abwera monga tinapangana."

"Zaka zitatu za sukulu? Amayi anu agulitsa makina osokera chifukwa cha sukulu imeneyi."

"Zaka zitatu si mwendo wa munthu, si khosi la munthu. Ndatha, usanditsutse."

Akanamukalipira, mwina Tecla akanapepukidwa. Koma kukoma mtima kumeneku kunamuwotcha kuposa soda. Anabwerera ku labotale. Pasinki anapeza timabotolo ta Laston ta m'mawa uja tikudikira kutsukidwa. Anatenga kamodzi n'kukakweza kuwindo. Madzi ake anali oyera mbee, ngati simunalowepo utoto. Anaima choncho nthawi yaitali, kabotolo kali m'manja.

* * *

Lachinayi m'mawa Tecla anagogoda pa ofesi ya a Dokotala Hector.

"Ndine ndinathira madzi m'botolo, bwana. Lachisanu ndimapukuta kabati, botolo linanditereka, theka linatayikira m'sinki. Ndinaopa kuchotsedwa ntchito."

A Dokotala anavula magalasi awo.

"Mtsikana, utoto umenewu dontho limodzi limathimbiriritsa sinki mwezi wathunthu. Sinki ija ndinaiona Lolemba. Inali yoyera. Ukufuna kumuteteza mnyamatayu?"

"Ndinatsuka ndi soda, bwana."

"Ndi soda?"

"Ndimagwira wotchi a Laston akamayeza. Ndinaona kuti soda amadya mtunduwo, theka, kenako theka la theka. Ndinatseka sinki, ndinathira soda wambiri, n'kudikira mpaka madzi anayera."

A Dokotala anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo Tecla sanadziwe ngati amukhulupirira kapena angosankha kumukhulupirira. Anatulutsa buku la Laston m'dirowa, anayendetsa chala pa manambala a masabata onse awiri, akung'ung'udza okha.

"Mphindi ziwiri uku, mphindi ziwiri uku. Ndikanayenera kuona ndekha." Anatseka bukulo. "Mnyamatayu alibe mlandu, ndikauza akuluakulu lero. Koma iwe unaima apo n'kumamvera ndikumutcha wakuba. Kutaya mankhwala ndi ngozi. Kukhala chete kuja si ngozi. Siya kiyi patebulopo."

Tecla anamasula kiyi pa chingwe cha m'khosi mwake. Mawu amenewo anamupweteka kuposa kuchotsedwa ntchito, chifukwa pa zonse zimene zinanenedwa mu ofesimo ndi okhawo amene anali oona.

Potuluka anadutsa ku labotale. Ophunzira anali atadzaza, ndipo Laston anali pakona, akuyang'ana makina osawaona. Tecla anavula epuloni, anaipinda, ndipo ponamizira kukonza kabokosi komaliza anasiya kapepala pansi pa thonje: "Musakavomere kanthu mawa, zatha. Wotchi mupeze wina wokugwirirani. Loweruka ndidzati ndikukudziwani." Ophunzira awiri anamuyang'ana akutuluka, wina n'kunong'oneza mnzake. Tecla anayenda mpaka pageti osatembenuka, nkhope ikuyaka.

* * *

Pa Musika anagula kapaketi ka soda kwa mayi wina wogulitsa sopo wa mitanda. M'basi anakafumbata pachifuwa ngati mphatso. Nzeru imene inapulumutsa Laston ikanapulumutsanso Raul: anyika nsalu zonse m'beseni la soda, pofika madzulo zikhala zoyera, ndipo wosuzumira pampanda adzangoona nsanza. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anayamba kulota za Loweruka, za jekete yositidwa ya amalume, za mmene adzagwadire n'kuyankha motsitsa mawu kuti inde, mnyamatayu ndikumudziwa.

Anapeza amayi ake ataima pafupi ndi chingwe kuseri kwa nyumba, akuwerenga ndi chala.

"Ndinayanika zisanu ndi imodzi," anatero mayi Amália. "Ndangopita kumpopi. Zatsala zisanu."

"Mwina ndi mphepo, amayi."

"Mphepo imasula zopanira n'kuzibwezera pa chingwe?"

"Odi kuno!"

Mawuwo anachokera ku mpanda wa kuseri. Febbie anali ataima mbali ya azakhali ake, zigongono zili pa waya, yunifolomu ili mbee. M'dzanja lake munali kachikwama, ndipo pakamwa pa kachikwamako pankasuzumira nsonga ya nsalu ya pepo.

"Mayi, mwaswera bwanji? Ndabwereka kansalu kanu. Asisi, tabwerani pafupi, izi si zokuwa."

Tecla anasendera, paketi ya soda ili m'manja.

"Ine ndimamanga zilonda tsiku ndi tsiku," anatero Febbie monong'ona, akumwetulira ngati akukamba za diresi latsopano. "Chilonda cha njinga chimadetsa nsalu malo amodzi. Iyi yadetsedwa malo awiri, polowera ndi potulukira. Poyamba ndimayesa mwabisa chibwenzi. Koma azakhali akuti kutsokomola kumeneko akukudziwa, anakumva kuyambira mwini wake ali mwana."

"Febbie, ndakupemphani. Ndi munthu ameneyo. Munakulira limodzi m'tchalitchi cha..."

"Tchalitchi chanu ndi china, chathu ndi china. Koma musaope, ine si mutengesi, sindigulitsa anthu kwa apolisi. Kukampu ya apolisi ndimangodutsa pokwera basi, sindinalowemo." Anakankhira nsonga ya nsaluyo m'kachikwama n'kutseka. "Loweruka amalume a Laston akadzakufunsani ngati mnyamatayo mukumudziwa, mudzayankhe kuti simukumufuna. Pamaso pa anthu onse, mokweza, kuti amayi ake akamve ali ku Highfield. Ndipo mwini wakeyo musamuuze chifukwa. Mukatero, kansalu aka ndidzakawotcha ndekha."

M'nyumba Raul anatsokomola kamodzi, n'kudzigwira. Febbie anapendeketsa mutu, anamvetsera, n'kuyang'ana kawotchi ka pachifuwa pake.

"Mwatsala ndi masiku awiri, asisi. Paja kuwerenga nthawi ndiye ntchito yanu."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba ya azakhali ake. Tecla anatsala pampanda. Thukuta la m'manja mwake linali litanyowetsa pepala la paketi ija, ndipo soda anali atayamba kumudya chikhatho, koma sanaitaye.